Chaka Chimene Dizilo Anasowa

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri m'mafamu a ku Joni, ndipo atatopa nako anabwera ndi galimoto. Inali pikapu yoyera, ya dizilo, yoperepeseka m'mbali koma injini yake inali bwinobwino. Iwo ankaitchula kuti baki, monga amanenera kumeneko. Sanabwere ndi china chilichonse, ngakhale malata a nyumba. Nditawafunsa, anamenya chitseko cha galimotoyo ndi chikhato n'kunena kuti, "Malata ali m'katimu, mayi. Dikirani muone."

Sananame. Ife tinkakhala kufupi ndi Nsipe, kwawo kwa iwowo, koma ine ndinabadwira ku Bwanje, kumene bambo anga anali ndi munda wa mpunga mu sikimu ya ulimi wothirira. Amuna anga anayamba kutsikira kuchigwako atanyamula feteleza, simenti ndi anthu, pobwerera n'kukwera ndi matumba a mpunga wokagulitsa kumsewu. Malata anapezekadi. Ana ankapita kusukulu atavala nsapato. M'mudzi wina akadwala kapena kukagwa maliro, anthu ankathamangira kwathu, ndipo amuna anga ankangotenga kiyi osafunsa zambiri.

Kenaka dizilo anasowa. Poyamba tinkayesa ndi za sabata imodzi. Amuna anga ankapita kuboma kukaima pamzere, kutandala komweko, kugona komweko, n'kubwera ndi kadizilo kosafika ndi theka lomwe la thanki. Nthawi zina ankabwera chimanjamanja, atawotcha ndi kamene anapita nakoko.

Apa m'pamene anayamba kuifufuza galimoto ija, kufuna kudziwa pamene mafuta amathera. Anati chilichonse cholemera chikudya dizilo. Anachotsa kanopi yophimba kumbuyo kwa galimoto n'kuiika pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zinayamba kuikiramo. Anamasula zitsulo zakutsogolo zimene mzungu wa ku famu ya ku Joni anaikako. Tayala la sipeya analowetsa m'nyumba. M'mawa uliwonse ankapopa matayala ndi pampu yopondera, n'kumawagogoda ndi sipanala, khutu ali tcheru. Sefa ya mpweya ankaichotsa n'kumaipuntha pamwala kuti fumbi lichoke. Pamsewu wa tala ankatseka mawindo ngakhale kutenthe chotani, amvekere mphepo ikalowa imakoka galimoto m'mbuyo. Ankayendetsa pang'onopang'ono moti anyamata a kabaza ankatiseka.

Chimene chinkandiopsa ine chinali potsetsereka. Akafika pamwamba pa mtunda ankazimitsa injini n'kuisiya galimoto kuti izitsika yokha. Mabuleki ankauma, iwo n'kumaponda ndi mphamvu zonse, mitsempha ya m'khosi ili njo. Ndinawadandaulira kangapo. Yankho lawo linali lomwelo: "Ukafuna kudya mawa, usawotche dizilo pamene Mulungu akukukankha kwaulere."

Kutchalitchi tinayambiranso kupita wapansi. Ndipo anakhazikitsa lamulo limene sankafuna kuti wina aligwedeze: galimoto isayende yopanda katundu, kaya popita kaya pobwera. Mayi wina wapamudzi anamwalirira kuchipatala, abale ake anabwera kudzapempha kuti tikatenge thupi. Amuna anga anakana. Anati dizilo amene ali nayeyo ndi wa mpunga wa anthu amene anawalonjeza kale. Maliro aja anabwera pa ngolo. Kuchokera tsiku limenelo, amayi ena kuchitsime ankandiyankha moni akuyang'ana kumbali.

Sindikufuna kuti muwaone ngati munthu wouma mtima. Ndinkawaona akudzuka m'mamawa, kupisa kamtengo m'thanki chifukwa sankaikhulupiriranso geji yoonetsa mafuta, kukatulutsa, kukayang'anitsitsa, kenaka kukakhala pakhonde. Anaonda. Zaka zawo zonse za ku Joni zinali m'galimoto imeneyo, ndipo ankaziona zikuuma.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika poipa, achimwene anga anaimba foni kuchokera ku Bwanje. Anati bambo miyendo yatupa, akupuma movutikira, ndipo kuchipatala chaching'ono cha kumeneko anena kuti apite nawo kuchipatala chachikulu kuboma. Galimoto yonyamula odwala nayonso inalibe mafuta.

Ndinawapeza amuna anga ali pansi pa galimoto. Ndinawauza.

"Dizilo amene alimoyu ndi wongotsikira," anatero osatuluka. "Sitingakwerenso naye."

"Ndiye titani, bambo? Tiwasiye afere m'nyumba?"

"Ndani wanena zowasiya? Ndipita kukafuna dizilo. Komanso wagolosale uja ali ndi simenti yoti ipite kumeneko, ikufika mkucha. Titsikire limodzi."

"Simenti? Bambo anga adikire simenti?"

Anatuluka, n'kudzipukuta manja pang'onopang'ono. "Mayi, ndikatsika wopanda kanthu, ulendo wotsatira kulibe. Mukudziwa inunso."

Ndinalira, koma sindinawasinthe maganizo. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita cha ku Mlangeni, kumene anyamata ankagulitsa dizilo wa m'zigubu, amene ankati akuchokera kutsidya kwa malire. Anabwera nacho chigubu chachikasu, ataphimba ndi thumba. Anachitsegula, kununkhiza, kuthira pang'ono m'dzanja n'kutikita. Anakwinya nkhope, koma anathira m'thanki. Simenti nayo inachedwa kuposa mmene ananenera.

Titafika kwathu ku Bwanje ndinapeza bambo atakhala pamkeka, atatsamira khoma, chifukwa akagona mpweya unkawathawa. Munthu amene ankatandala m'matope a mpunga osatopa, tsopano ankapumira pakati pa mawu. Atawaona amuna anga anayesa kumwetulira.

"Apongozi, mwavutika. Mafuta ake ovutawa."

"Ayi, bambo, palibe kuvutika," anayankha amuna anga, maso ali pansi.

Komabe tisananyamuke amuna anga anayamba akweza kaye matumba a mpunga a anthu ena. Achimwene anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Kutsogolo bambo sakanatha kukhala chifukwa cha miyendo, choncho tinayala matiresi pamwamba pa matumba, n'kuwatsamiritsa ku thumba lina. Ine ndi achimwene tinakhala m'mbali mwawo. Pamene tinkanyamuka dzuwa linali litakwera kale.

M'chigwa monse galimoto inayenda bwino. Titayamba kukwera mtunda inayamba kutsokomola. Inkakoka, kusiya, kukokanso, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo. Tinadutsa khona loyamba. Pa lachiwiri inanjenjemera n'kuzima. Achimwene analumpha msanga n'kuika mwala kutayala.

Amuna anga anatsegula boneti. Anamasula kapaipi, kuyamwa ndi pakamwa, kulavula. Anathira zotulukazo m'kabotolo n'kukakweza kudzuwa. Ngakhale ine wosadziwa za injini ndinaona: pansi panali madzi, pamwamba zamafuta zotuwa zonunkha palafini. Anakhetsa, kupopa, kuliza. Injini inkangoti khekhekhe. Anabwerezabwereza mpaka batire inafooka.

Pamalopo panalibe mthunzi, mitengo inali itayoyoka masamba. Ndinavula chitenje, ine kugwira mbali ino achimwene mbali inayo, kuwatchinga bambo kudzuwa. Madzi akumwa amene tinatenga anatha. Panadutsa anthu a njinga okhaokha, akukankha njinga zawo, kutipepesa n'kumapita. Galimoto ina sinadutse. Masiku amenewo msewu umenewo unali zii.

Achimwene anati athamange akafune ngolo kumudzi wakutsogolo. Bambo anawagwira dzanja.

"Ngolo ikafike liti kuboma, mwanawe? Ndibwezeni kwathu."

"Bambo, tatsala pang'ono," ndinanama.

"Iwe, msewu uno ndaukwera ndi njinga usanabadwe. Ndibwezeni. Ndatopa." Anapuma kaye, kenaka anaitana amuna anga. "Apongozi, siyani. Mwayesetsa. Kutsika ikhoza, eti?"

Amuna anga anaima atagwira boneti, malaya atanyowa, milomo ili dizilo yekhayekha. Anati, "Ikhoza, bambo." Mawu awo anali ngati a mwana.

Tinawatsitsa bambo n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu. Tinatsitsanso mpunga wonse, kuusiya ndi mayi wina wogulitsa makala chapafupi. Anthu odutsa anatithandiza kukankha mpaka galimoto inatembenuka kuyang'ana kumene tinachokera. Tinawakwezanso bambo, n'kuyamba kutsika injini ili chete. Amuna anga anaponda mabuleki, dzanja lina lili pa handibuleki, achimwene akuyenda m'mbali atanyamula mwala. Munkangomveka miyala ikuphwanyika pansi pa matayala ndi kupuma kwa bambo. Pamene mtunda unathera galimoto inaima, ndipo ng'ombe za mnansi wa bambo ndi zimene zinadzaikoka mpaka pakhomo.

Bambo anamwalira sabata isanathe. Sindikudziwa ngati akanachira tikanapita tsiku limene achimwene anaimba foni. Adokotala sanawaone, ndiye palibe angandiuze. Pamaliro amuna anga anakumba nawo manda ndi adzukulu, ngakhale anthu ankawaletsa kuti si ntchito yawo. Ndi achimwene anga sanalankhulanenso kuchokera pamenepo.

Makaniko amene anabwera kudzaona galimoto anati pampu ya dizilo yatheratu, madzi ndi palafini zaidya m'kati. Ina sinkapezeka pafupi, ndipo amene ankati angaitanitse ankatchula mtengo woti tikanagulitsa nyumba. Amuna anga ankapitabe ku Bwanje pa njinga, kukaitsegula, kumasula ichi, kumanga icho. Kenaka anachepetsa maulendo. Dizilo atayambanso kupezeka, galimoto inali itakhala kale pamiyala kuseri kwa nyumba ya malemu bambo, matayala titagulitsa.

Kunyumba tinkakhala ngati alendo. Sindinawanenepo mawu oipa, iwonso sanapepese. Tinkakambirana za mbuzi, za fizi ya ana, za mvula. Tsiku lina tikupalira anaima n'kunena kuti, "Ndikubwerera ku Joni." Ndinawakumbutsa kuti akula, ku famu sakawalandiranso. Anati aona komweko. Ndinawachapira zovala, ndinawakazingira mtedza wapaulendo, n'kuwaperekeza kumsewu.

Anapeza ntchito ya ulonda. Poyamba ankaimba Lamlungu lililonse, pano amaimba mwa apo ndi apo, ndipo mawu awo amamveka a munthu wa chifuwa. Chaka chilichonse amati abwera pa Khirisimasi. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Nsipe, kuthamangira mabasi akaima, ngakhale mawondo ayamba kukana. Mwana wathu wamkulu anasiya sukulu, ndipo mwezi wathawu anandiuza kuti wapeza anzake opita nawo ku Joni. Ndinamufunsa ngati bambo ake akudziwa. Anati anawaimbira, koma foni sinayankhidwe.