Kasitomala Wosabweretsa Muyeso

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo ankadziwika ndi tepi yopimira yomwe sinkachoka m'khosi mwake, ndi mapini omwe ankaluma tsiku lonse. Wometa wa khomo loyandikana ankati munthu ameneyu akadzatisiya adzayambe amufufuza mkamwa, kuopa kukabaya angelo.

Anali bambo wosamala. Mzime wake, mtsikana wa kusekondale, sankayenda dzuwa litalowa, ndipo foni yakeyake anamukaniza. Foni inalipo imodzi, ya ntchito, yokhala m'kabati ya makina pamodzi ndi ulusi ndi choko.

Koma zala zozolowera sizasi sizinkamvana ndi galasi la foni. Choncho mwanayo akaweruka ankakhala pa benchi n'kumayankha makasitomala m'malo mwa bambo ake. Ndipo poti chidole chovekapo zovala chinali chodula, telala akamaliza diresi ankamuveka mzime, n'kumujambula ataima pakhomo, chithunzi n'kupita pa intaneti kuti anthu aone ntchito. Yunifolomu ya sukulu yake nayonso anamujambula nayo, baji ili pachifuwa. Makasitomala anachuluka, telala n'kumadziona kuti waganiza bwino.

Masana ena akudula nsalu, anafunsa osadzutsa mutu ngati bambo uja wofuna diresi la mwana wake anatumiza muyeso. Mzime anati ayi, akuti mwana wawo ndi wofanana msinkhu ndi iyeyo, angotengera pa iye. Telala anapitiriza kudula, koma sizasi inayamba kulemera. Chiyambire ntchitoyi, kholo linkabwera ndi mwana, kapena diresi lakale, kapena kachingwe ka mfundo. Ndipo lisanakhale n'komwe pansi linkafunsa mtengo. Uyu mtengo anali asanafunsepo.

"Tandiwerengera zonse, mwanangu. Uyambire pamwamba."

Mwanayo anawerenga, mawu akunka natsika. Poyamba zinali za diresi. Kenako munthuyo anapempha chithunzi chakumbuyo, akuti aone zipi. Kenako chapafupi. Ananena kuti diresi likukongola chifukwa cha wovalayo, ndipo asamavutitse bambo ake ndi tinkhani ting'onoting'ono, ndi otanganidwa. Uthenga womaliza unali wa m'mawa womwewo: sukulu yake akuidziwa, waona baji, mawa adzamudikira pageti poweruka kuti amupatse nsalu.

Telala analavulira mapini m'dzanja. Mumsewu anthu ankadutsa monga mwa masiku onse, koma mwamuna aliyense amene anacheukira pakhondepo ankaoneka ngati ndi yemweyo.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndimaopa kukuthamangitsirani kasitomala, bambo." Misozi inali italengeza. "Mundimenya?"

Telala anatenga foni n'kuyang'ana chithunzi cha yunifolomu chija. Chikwangwani cha ntchito yake chinali kuonekera pamwamba pa mutu wa mwanayo, dzina la msewu ndi nambala zili poyera. Bajiyo anasokerera yekha, mosamala, ndi ulusi wawiri.

"Wakuimika pakhomopo ndine," anatero. "Imva ichi. Munthu akadzati usauze bambo ako, tsiku lomwelo ndiye undiuze. Kasitomala apite, nsalu sizitha."

Anaitana wometa, yemwe foni ankaidziwa bwino. Tsiku limenelo nthabwala zinamuthera. Anasunga mauthenga onse ngati umboni, n'kumutsekera munthuyo, n'kufufuta zithunzi chimodzichimodzi. Atamaliza anapukusa mutu n'kunena kuti apa achotsa, koma zomwe wina anakopera kale mufoni mwake palibe angazilondole. Madzi akatayika saoleka.

M'mawa mwake makina sanavundukulidwe. Telala anapita kukaonetsa mauthenga aja kwa aphunzitsi aakulu, ndipo iwo anati adziwitsa apolisi ndi mlonda wa pageti. Nthawi yoweruka itayandikira anakaima tsidya lina la msewu, tepi ikadali m'khosi. Amuna analipo ambiri: wogulitsa zolembera, anjinga, wina wotsamira galimoto akusewera ndi makiyi. Munthu wodziwa kuyeza mnzake ndi maso okha, tsikulo analibe poyambira, pakuti nkhope yomwe ankaifuna sanaionepo. Mzime atatuluka anayenda naye mpaka kunyumba, mwana patsogolo, iye pambuyo, akucheukacheuka.

Sabata yomweyo anapinda waya, n'kuukuta ndi chiguduli, n'kufutira zidutswa za nsalu mkati. Chinatuluka chidole chopanda mutu, phewa limodzi lotsika. Wometa anati mwamuna wakwatira wachiwiri osaitana anzake. Madiresi tsopano amaveka chimenecho.

Foni sanamulande mwanayo. Amayankhabe makasitomala, koma mokweza, bambo akumva uku akupalasa makina. Kungoti nthawi yoweruka ikakwana, makinawo amaima okha. Telala amakhala duu, pini ili pakamwa, maso ali pakona pa msewu, mpaka yunifolomu ija itatulukira.