Khomo Limene Amayi Anatseka

Atate anamwalira nyumba yathu yamiyala isanathe zaka zisanu. Zinali zaka za chitaganya, ife tikukhala m'dera la mfumu Nkomeshya ngati alendo ochokera kum'mawa. Umisiri womanga atate anauphunzira ku mishoni ya Kasisi. Miyala tinkasenza pamutu ine ndi amayi kuchokera kumtsinje, atate n'kumaisema ndi kuimanga ndi dothi la pachulu. Makoma anali okhuthala ngati kutalika kwa mkono wanga, mawindo ang'onoang'ono, ndipo pamwamba pa khomo anagoneka mwala umodzi wautali umene anachita kuukoka ndi ng'ombe.

Maliro atatha, atate aakulu, mkulu wawo wa atate amene anabwera kuchokera kwathu, ananena kuti mwambo sunathe. Kwathuko nyumba imene mwafera mwini wake imagumulidwa, kuti malemu asamabwerere kudzafuna malo awo. Zimenezo n'zapafupi pa nyumba ya mitengo ndi matope, imene anthu amamanganso sabata imodzi. Ine ndinali kale namwali, ndiponso wapakamwa. Ndinapsa mtima n'kunena kuti munthu amene sanasenzepo ngakhale mwala umodzi asatilamule. Amayi ananditsina pantchafu.

M'mawa mwake atate aakulu anafika ndi piki. Katundu tinali titatulutsa, koma amayi anabwereranso m'kati n'kukhala pansi atatsamira khoma. Atate aakulu anamenya khoma lomwelo chakunja. Piki inalira, fumbi n'kugwera pa duku la amayi. Anamenyanso, mwala wina pamwamba pa mutu wa amayi n'kusuntha.

"Alamu, chokani m'menemo."

"Sinichoka," anatero amayi. "Nili na ana anayi, mvula ili pafupi. Mukagwetsa, mukaniike pamodzi na m'bale wanu."

Atate aakulu anasiya kumenya, thukuta likutsika. Ndinaona kuti nawonso zinkawapweteka, koma ankaopa kukauza abale kuti anasiya mng'ono wawo akuyendayenda. Potsiriza anati malemu amadziwa khomo limodzi lokha. Limenelo litsekedwe, tiboole lina kumbuyo, ndipo wotseka akhale yemwe wakana kugumulayo.

Amayi sanali mmisiri. Anagwira masiku awiri, akusanja miyala yochokera pa khomo latsopano, ina ikugwa, iwo n'kuyambanso. Pamaliro paja sanalire kwenikweni, mpaka anthu ankanong'onezana. Koma atafika pa kampata komaliza, pansi pa mwala wa ng'ombe uja, anaima mwala uli m'manja, n'kulira kulira kumene sindinakumvepo.

Nyumbayo yaona zambiri. Ife titakula munkaphunzira ana katekisimu, kenako tinkasungamo chimanga, lero mukugona mbuzi za mdzukulu wanga. Mizere ya atate idakali yowongoka. Alendo amaloza chigamba chokhotakhota chapakhomo lakale n'kuseka, kufunsa kuti anamanga moipa chonchi ndani. Ndimawauza kuti ndi amayi anga, masiku amene ankatsekera mwamuna wawo kunja.