Chinangwa cha Masiku Awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene msika wa boma wa chimanga ku Chipyela unayamba kumangokhala chitsekere. Nthawi imeneyo n'kuti ndikudziona ngati munthu wophunzira kwambiri m'Mbungo monse, chifukwa ndinkawerenga chidutswa chilichonse cha nyuzipepala chimene amayi awakulungiramo sopo kapena mchere kugolosale. Nkhani zambiri zinkathera pomwe wagolosale wang'ambira, ndipo zotsalazo ndinkamalizitsa ndekha. Amalume a Barnaba, amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi chifuwa chosatha, ankanditcha "a Nduna".

Tsiku lina ndinawerengera banja lonse, nditaimirira ngati wansembe, kuti boma likusiya malonda a chimanga m'manja mwa anthu abizinesi, ndipo iwowa akamapikisana mitengo idzatsika. Amalume anatsokomola kaye, kenako anati, "A Nduna, kuno sitima imabwera imodzi. Apikisana ndi ndani, ng'ona?" Ndinawamvera chisoni poona kuti za chuma sazidziwa.

Kwathu kuchilumba nthaka ndi yamiyala, chimanga chambiri chimachokera kumtunda. Mvula itavuta chaka chimenecho, sitima inkabwera ndithu, matumba n'kutsika, koma ankalowa m'mashopu a anthu awiri kapena atatu, ndipo mtengo wa m'mawa sunkafika masana. Abambo anali ku Nkhata Bay kofuna ganyu. Amayi anayamba kuzula chinangwa chisanakhwime, chowawa chija, chimene mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti sichidyedwa chisanagone m'madzi masiku anayi. Timachisenda n'kuchiviika pakamalo kotchinga ndi miyala m'mbali mwa nyanja, madzi achotse poizoni, kenako kuyanika n'kusinja ufa wa kondowole.

Lachitatu lina amayi analawirira ku Chipyela atamva mphekesera yoti msika wa boma utsegula. Anandisiyira mlongo wanga Agnesi, wa zaka zinayi. Dzulo lake tinali titadya chigwada chokha. Agnesi sanalire. Ankangoti, "Achimwene, njala," n'kukhala chete, n'kudzabwerezanso, ndipo chimenechi chinkandipweteka kuposa kulira.

Chinangwa chathu chinali chitagona masiku awiri okha. Ndinapita kukachikanikiza ndi chala: kunja kofewa, mkati gwa. Pamenepo nzeru zanga zinandiuza kuti ngati masiku anayi amachotsa poizoni yense, ndiye kuti awiri achotsa theka, ndipo theka lotsalalo moto umaliza. Ndinawotcha zigawo ziwiri. Ine ndinaluma kamodzi, kuwawa kunandigwira pammero, ndinasiya. Agnesi anamaliza zonse n'kunyambita zala.

Dzuwa lisanafike pamutu anandiuza kuti nyumba ikuzungulira. Anasanza, miyendo inalobodoka, thukuta lozizira lili pachipumi. Ndinathamangira kwa amalume, amene ankasoka ukonde kuseri kwa nyumba yawo. Atafika anayang'ana mwana, anayang'ana phulusa ndi tizidutswa ta chinangwa timene tinali pambali.

"Cha masiku angati?"

"Awiri."

Anatola chitenje cha amayi n'kumubereka.

Njira yopita kuchipatala ku Chipyela ndinali nditayendamo kambirimbiri, koma tsiku limenelo inatalika. Miyala inkawotcha kumapazi. Chifuwa cha amalume chinkalira ngati wenzulo, ndipo pa mlambe uliwonse ankatsamira pang'ono, ine n'kumagwira phazi la Agnesi kuti ndimve ngati likadali lofunda. "Muyankhulitse, asagone," anatero. Ndinamufunsa mayina a nkhuku zathu. Anatchula imodzi. Pa yachiwiri mutu unangogwera paphewa la amalume.

Tinakumana ndi amayi panjira, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa. Msika sunatsegule. Anaona Agnesi kumbuyo kwa amalume. Anangofuula kuti, "Mayo, mwana wanga!" n'kumulanda, n'kuyamba kuthamanga, thumba lija atalitaya pomwepo.

Kuchipatala anamuika diripi, ife anatiuza kuti tidikire panja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Chitseko chikatseguka mtima unkadumpha, koma ankatuluka anthu ena. Nditatopa ndi kudikira ndinati, "Amalume, mundimenye."

"Ndikumenya, usade nkhawa. Ndipume kaye."

Anapuma nthawi yaitali. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Walakwa, mphwanga, ndipo ukudziwa. Koma tamvera. Kumgodi mwala ukagwera munthu, abwana ankafunsa kuti iyeyo amaimiranji pamenepo. Ife a bungwe la antchito tinkafunsa kuti anachotsa mzati wochirikiza denga ndi ndani, ndipo anapindula zingati. Mafunso onse awiri ndi oona, koma lachiwirili sukalipeza m'mapepala ako a sopowo."

Chakumadzulo namwino anatikodola. Agnesi anali atatsegula maso, akupempha tiyi wa shuga, chinthu chimene kwathu tinali titachiiwala. Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. Iwo sanandimenye. Anandimenya ndi amayi, patapita masiku awiri, ndipo sindinadandaule.

Chichokereni nthawi imeneyo ndawerenga mabuku ambiri, ochuluka mwa iwo obwereka, ena osabweza. Ndinadzamva kuti amene ankakongoza dziko lathu ndalama ankati misika ya boma ngati ija imaluza, ndipo boma liyenera kudzimanga lamba. Mwina inkaluzadi. Koma kuluza kwa msika kumalembedwa n'kukambidwa m'maofesi, pomwe mayi wozula chinangwa chosakhwima salembedwa paliponse. Ngakhale lero ndikamva pawailesi akuluakulu akuti tipirire pang'ono, zinthu zikhazikika zokha, ndimafuna kudziwa kuti wopirirayo ndi ndani, ndipo wadya liti. Kulakwa kwanga sindikukukana: manja amene anawotcha chinangwa chija ndi angawa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu wokhuta atha kudikira msika zaka zisanu osadandaula, koma ife tinkangofunika kudikira masiku awiri, ndipo amenewonso tinalibe.