Soda Wina Ndi wa Therere, Wina Ndi Moto

Lachiwiri masana ndinali pakhonde ndikuchonga makope a ana a sukulu pamene ndinamva kukuwa kuseri kwa mpanda. Mphunzitsi amadziwa kulira kwa mwana wokwapulidwa. Uku kunali kulira kwina.

"Ŵasambizgi, zaninge luŵiro!"

Anali a Nyamhango, oyandikana nawo nyumba kuno ku Bolero. Ine ndine wa ku Ntcheu, Chitumbuka ndimangotola apa ndi apo, koma tsikulo sindinafune womasulira. Ndinathamanga opanda nsapato.

Ndinapeza mwana wawo, Tiwonge, mtsikana amene ndimamphunzitsa m'kalasi mwanga, atagwada pafupi ndi beseni, manja ali m'malere, akuopa kugwira mutu wake womwe. Tsitsi linali litanyowa, likuterera ngati therere. Kuseri kwa khutu khungu linali litayamba kale kuyera.

"Mwamuthira chiyani, mama?"

"Soda basi, aphunzitsi. Soda!"

Anandionetsa kapepala ka nyuzi. Munali timiyala toyera ngati mchere wamiyala. Manja a mayiwo nawonso anali atafiira. Uyu sanali soda wothira m'therere kapena m'zitumbuwa. Anali soda wopangira sopo, uja amadya ndi chitini chomwe.

Anthu anali atadzaza kale pabwalo. Wina akuti pakani mafuta. Wina akuti swani dzira. Mayi wina anabwera ndi mchere kumanja. Ine ndinangokumbukira chimodzi chimene anatiuza kukoleji: madzi, madzi ambiri. Ndinamugoneka Tiwonge chagada pamiyendo panga, mutu uli lende, kuti madziwo asatsikire m'maso.

"Tsinzina, mwana wanga. Usatsegule maso ngakhale ndani akuitane."

Tinathira mgolo wonse. Amayi ena anathamangira kumjigo ndi ndowa. Zikhadabo za mwanayo zinali zitalowa m'dzanja langa. Tsitsi lina linkatsalira m'zala zanga, ine n'kumalibisa pansi pa chitenje kuti mayi ake asaone.

Nkhani yake tinaimvera m'lole ya fodya imene inatitenga kupita kuchipatala cha ku boma. Sabata ino amayi ndi atsikana akhala akuyeserera gule wokalandirira alendo akuluakulu, ndipo apampando a amayi ananena kuti aliyense akaoneke bwino. Tiwonge ali ndi tsitsi lambiri, lopotana kwambiri, lothyola zipeso. Kumayeserero kuja mayi wina anauza a Nyamhango kuti soda amachotsa mfundu ndipo amafewetsa tsitsi. Sananene soda wake uti. Sananene wochuluka bwanji. Nayenso anangomva kwa mlamu wake wa ku Mzuzu.

A Nyamhango anatuma amuna awo, a Gondwe, amene ankapita kumsika. Bambowo anapeza munthu wogulitsa sopo wophika yekha, n'kufunsa kuti, "Soda alipo?" Wogulitsa anayankha kuti alipo, wamphamvu chomene. Sanafunse ntchito yake. Bambowo nawo sananene. Mwamuna wamkulu anganene bwanji pagulu kuti akugula zotsukira tsitsi?

Tisanafike ku boma tinapeza mtengo utapingasa msewu. Achinyamata ankaona makadi a chipani. Langa linali m'chikwama, chifukwa mphunzitsi sasiyana nalo. A Nyamhango anasisita m'chiuno, n'kundiyang'ana. Lawo linatsala m'nyumba.

"Mayi awa atsike," anatero mmodzi.

Sindikudandaula, owerenga. Ntchito yawo ndi imeneyo. Koma mwana anali akubuula pamiyendo panga, ndipo nsalu yonyowa imene tinamufunditsa kumutu inali itayamba kuuma. Ndinalankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, taonani kaye."

Ndinavundukula pang'ono. Mnyamatayo anasuzumira, n'kutembenuza nkhope msanga. Anayang'ana anzake, anzakewo n'kuyang'ana pansi. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba kunena. Injini inkangolira. Kenako anapita yekha kukanyamula mtengo uja.

Kuchipatala anatiuza kuti maso apulumuka. A Nyamhango anangokhala pansi pasimenti, akubwereza "yewo, yewo," kuthokoza aliyense wodutsa. Koma kuchokera pakhutu lamanja kufika kunkhongo kuli mabala, ndipo anamwino sanafune kulonjeza kuti tsitsi lidzameranso pamenepo.

Tsopano ndikufunseni. Wolakwa ndani?

Kumjigo mlandu anaugamula kale. Ena akuti a Gondwe ndi bambo wosasamala. Ena akuti mayi uja anapereka malangizowo dala, chifukwa mwana wake sanasankhidwe kutsogolera nyimbo, anasankhidwa Tiwonge. Mabanja awiri amene amapemphera tchalitchi chimodzi sakupatsananso moni.

Ine ndikuti mawu amodzi anadutsa m'kamwa mwa anthu angapo, ndipo palibe anaimitsa mnzake kuti, "Pepani, mukunena uti?" Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Masiku ano wosafunsa ndi wina, wodya phulayo ndi mwana.

Tinazolowera kulandira mawu ngati mmene timalandirira mbale kwa apongozi: ndi manja awiri, osayang'anamo. Kufunsa timakuyesa mwano. Kufunsa timakuyesa umbuli. Ngakhale m'kalasi mwanga ndikati, "Alipo ali ndi funso?" mitu yonse imawerama. Anawo anaonera ife.

Ngakhale soda wa therereyo, ndani anati ndi wa kumutu? Ndikudziwa amayi amene amasungunula pang'ono m'madzi sopo akasowa, ndipo amati litsiro limachoka. Amayi omwewo adzakuuzani kuti tsitsi limauma gwa, limathothoka, mpaka alipake mafuta. Mbali yachiwiriyi siyenda. Malangizo akamachoka pakhomo kupita pakhomo lina, chenjezo limagwera m'njira.

Ndiye pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Tsitsi la Tiwonge linalakwa chiyani? Linali lakuda bii, lodzaza mutu, ngati la agogo ake. Linkafuna madzi, mafuta pang'ono ndi munthu wodekha wolipesa. Ife timalitcha louma, lovuta, losamva, ngati tikunena mbuzi yolowa m'munda. Timaliwotcha ndi chipeso cha pamoto, timalikoka mpaka mwana misozi, kuti alendo odutsa pa galimoto, amene sadzamuyang'ana n'komwe, aone kuti ndife aukhondo.

Dzulo ndinapita kukamuona. Wagona chammbali, mutu uli m'mabandeji. Sanafunse za sukulu, sanafunse za ululu. Anandikoka dzanja n'kunong'ona.

"Madamu, kugule andilemba kuti ndinajomba?"

Ndinamuuza kuti ndikawafotokozera apampando ndekha. Anapumira m'mwamba ngati ndamuchotsera mtolo wa nkhuni.

Mwana wapsa mutu, koma mantha ake ali pa kujomba. Inu makolo anzanga, mantha amenewa anawatenga kwa yani?