Loweruka la a Malizani ku Kings Heath

A Osborne Malizani anaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina ku Dedza zaka khumi ndi zinayi, ndipo mwana akalakwitsa mwambi ankamudula pakamwa asanamalize. Atabwera ku England pa viza yosamalira okalamba anakhala ku Tipton, ndipo chaka chisanathe anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo wa Amalawi womwe umasonkhana m'holo ina ku Sparkhill. Abale kumudzi ankawauza kuti ali ku zaumoyo. Sankanama. Zoti zaumoyozo ndi kusambitsa anthu ndi kuwasintha zofunda, palibe anafunsa.

Mmodzi mwa anthu omwe ankawasamalira anali a Rex, mzungu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, amene anagwira ntchito yosungunula zitsulo mpaka kupuma. Sitiroko inali itawapinda mkono ndi kuwalemeretsa lilime. Tsiku loyamba a Malizani anawerenga pepala la malangizo n'kupeza kuti Lachisanu lililonse a Rex azipakidwa kyutekisi m'zikhadabo. Anayesa kuti atenga pepala la munthu wina. Atatsegula wadirobu kuti atenge thalauzi, anapeza masiketi asanu ali lende.

Anaimbira manijala. Manijalayo anawauza kuti ntchito yake ndi imeneyo. Viza inali m'manja mwa kampani, choncho mkulu wa mpingo anagwada pa kapeti n'kupaka, mokwiya, utoto mpaka m'zala. A Rex anayang'ana dzanjalo nanena pang'onopang'ono kuti mwana wa zaka zitatu akanachita bwinoko. Mawuwo anawapweteka a Malizani kuposa tchimolo. Lachisanu lotsatira anabwera atayeseza pa zikhadabo za akazi awo, ndipo sanadonthetse.

Kuntchito anatchuka m'njira yomwe sanaimvetse. Chingerezi cha "he" ndi "she" chinkawasokoneza, ndipo munthu wamkulu ngati a Rex sakanamutchula ngati mwana, choncho ankati "they" monga timanenera kuti iwo. Manijala, poyesa kuti akupewa dala kuwatchula a Rex mwamuna kapena mkazi, anawayamikira pa msonkhano kuti ndiwo omvetsa zinthu kuposa onse. Iwo anaimirira n'kuthokoza.

A Rex ankalemba ndakatulo kuyambira ali achichepere, m'makope omwe ankabisa kuseri kwa nyumba. Chaka chatha anaitanidwa kukalakatula ku Kings Heath, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mabuku, pa mwambo wolemekeza alembi amene moyo wawo sukwana m'mawu awiri aja, mwamuna kapena mkazi. Linali Loweruka masana, pa shifiti ya a Malizani. Anapempha anzawo atatu kuti asinthane, onse anakana. Anakankha njinga ya olumala ya a Rex chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, baji ya kuntchito ataikoloweka pamwamba pa jekete kuti aliyense aone chimene chawabweretsa.

Wachitatu kuimirira kutsogolo anali Kondi, wa mukwaya ya kumpingo kwawo, amene anabwera kudzaphunzira zamankhwala n'kupeza ntchito konkuno. Lamulungu lililonse ankamuona mu chitenje ndi duku. Apa anali mu suti ndi tayi, mutu uli mpala. Maso awo anakumana, koma Kondi anapitiriza. Ndakatuloyo inali ya Chingerezi, ndipo pakati pake anaponyapo chakwathu.

"Kwathu amati mapanga awiri anyowetsa..."

"Avumbwitsa!"

Mawuwo anatuluka okha, a Malizani asanawaletse. Chipinda chonse chinatembenuka.

"Zikomo, ankolo," anatero Kondi. "Mapanga awiri avumbwitsa. Koma ine ndaima pakati, ndipo mvulayi ndaikonda."

Azungu anaomba m'manja, poyesa kuti ku Malawi ndakatulo timalakatula choncho, molandizana. A Malizani sanaombe nawo. Chinkawanyansa kwambiri n'choti mzerewo unali wabwino.

Itafika nthawi ya a Rex, anawerenga mizere iwiri, lilime linakana. Anayesanso, malovu okha. Kenako anatambasula dzanja la zikhadabo zofiira lija n'kupereka pepala kwa a Malizani. Kukana pamaso pa anthu kukanakhala kunyoza munthu wamkulu. A Malizani anavula chipewa, nakonza kukhosi monga amachitira pamaliro.

Ndakatuloyo inkati ine, ine, ine. Ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinavala diresi ya amayi, bambo anandipeza, anavula lamba. Ine ndinaima pa ng'anjo zaka makumi anayi, zikhadabo zakuphazi zopakidwa zili m'jombo. A Malizani anayamba ndi mawu a mphunzitsi, koma atafika pa lambayo anaima. Zipsera zoyera zakumsana kwa a Rex ankazisambitsa kawiri pa mlungu, ndipo ankayesa kuti n'zamoto wa kuntchito. Anamaliza ndi mawu osasa, osayang'ana munthu.

Anthu anaimirira. Zaka khumi ndi zinayi ku Dedza palibe anawaimirirapo choncho. Mayi wina anawakumbatira akulira, nawauza kuti ndi olimba mtima pofotokoza moyo wawo poyera. A Malizani anamuonetsa baji. Mayiyo anaiyang'ana n'kunena kuti nayonso ndi ntchito yabwino.

Kondi anawapeza pa tebulo la tiyi.

"Ankolo, mawa mukanena kumpingo?"

"Ndikanene kuti ndinakuona kuti, ndili kuti?"

Kondi anaseka, misozi ili m'maso.

"Amayi ako ku Area 25 akudziwa?"

"Ayi."

A Malizani anatakasa tiyi kwa nthawi. Anali ndi mawu ambiri a mkulu wa mpingo, koma onse anali kutali. Amene anali pafupi anali a mphunzitsi.

"Ndime yachiwiri ija yatalika. Udzandipatse ndiione."

M'basi pobwerera a Rex anagona, pepala lili pamiyendo. A Malizani anakumbukira kuti mawa lake inali nthawi yawo yolalikira, ndipo mutu womwe anaulengeza kale unali wa kavalidwe koyenera. Anali ataukonza milungu iwiri, ndi mfundo zisanu ndi imodzi.

Lamulungu anaima pa gome, Kondi ali mukwaya ndi duku lake, akuyang'ana pansi. A Malizani anatsegula kope, naliyang'ana, nalitsekanso. Analalikira za kusunga nthawi. Anadzudzula ochedwa kutchalitchi kwa mphindi makumi anayi, mpaka mapemphero anapitirira nthawi ndipo eni holo anabwera kudzagogoda. Amayi a mumpingo anatuluka akunena kuti a Malizani sanalalikirepo ndi moto wotero, ndipo mlungu wotsatira anachedwa monga mwa masiku onse.