Phazi la a Zuze

Amayi anandichenjeza kamodzi kokha, tikutuluka m'mudzi: "Uziponda pomwe ndaponda ine. Wina akakuitana, usapatuke." Ndinali nditangotha msinkhu kumene.

Mawu amenewa andibwerera chaka chino chifukwa cha a Zuze, aneba anga kuno kwa Kanduku. Iwo anali msilikali pa nkhondo ya ku Mozambiki. Mbali yomwe ankamenyera sindinawafunse, ndipo ngakhale atandiuza sindingakhulupirire. Mwendo wawo unaduka wakumanzere, ngati wanga. Miyezi yapitayi kunabwera anthu a galimoto yoyera kudzalemba mayina a omwe anali asilikali. A Zuze anapita ku Blantyre n'kubwerako ndi phazi latsopano. Limapinda pa kakolo. Likaponda mwala limaugwira, likafika potsetsereka limapendekeka lokha. Ndimawaonera pa mpata wa mpanda akukwera phiri, khasu paphewa, opanda ndodo. Akandipatsa moni ndimayankha, koma maso anga amakhala pa phazilo.

Wanga ndi mwendo woikirira wouma, phazi lake ngati chipika. Posalala umayenda. Munda wanga uli kuphiri.

Tsiku lomwe tinathawa nkhondo tinkakonola chimanga, kwathu ku Mozambiki. Mfuti zinayamba kulira cha kusukulu. Amayi anatenga mpeni ndi chitenje. Munsi unatsala chiimire mumtondo. Atate anali kudimba. Sitinawadikire.

Tinayenda masiku awiri mumzere umodzi. M'njira munali mabomba okwirira. Wakutsogolo ankasankha poponda, enafe tinkaika phazi m'phazi lake. Palibe ankayankhula. Mwana akayamba kulira ankamutseka pakamwa ndi bere.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Anali bambo wa imvi, akufulumira. Kwathu mtsikana satsekereza njira munthu wamkulu. Amapatuka n'kugwada kuti mkuluyo adutse. Thupi linachita lokha. Ndinapatuka phazi limodzi, pa udzu wouma.

Phokoso sindinalimve. Ndinangoona patapata wanga ali pa nthambi.

Bambo uja anadutsa. Sanacheuke.

Amayi anang'amba chitenje n'kundimanga m'munsi mwa bondo. Kenaka anandibereka ngati khanda, ine wamtali kuposa iwo. Tinatulukira ku Thambani. Mayi wina wogulitsa matimati anatipatsa madzi m'chikho, osafunsa dzina. Kuchipatala ku boma anadula chomwe chinatsala. Amayi anakalambira m'manja mwanga, agona kumanda a m'mudzi uno. Za atate sitinamvenso.

Nditamva za kalembera uja ndinapita ndekha kwa mlembi. Ndinamuuza kuti bomba londidula ine ndi lodula a Zuze ndi amodzimodzi. Anandiyankha mwaulemu kuti mapaziwo ndi a omwe anagwira mfuti, za anthu wamba adzaziona m'tsogolo. Ndiye kuti wokwirira bomba uja akanabwera akanalembedwa. Woponda ayi.

Tsopano mwana wanga akuti munda wakuphiri ndiusiye, azilimamo mkazi wake. Akuti tsiku lina ndidzagwa pamiyala. Mpongozi wangayo ndimamudziwa, akalowetsa khasu m'munda satulukamonso. A Zuze nawo anabwera pakhomo, anakhala pampando n'kutambalitsa phazi lawo lija kuti ndilione bwino.

"Agogo, musavutike," anatero. "Ndizikakulimirani ine. Phiri silikundiopsanso."

Ndinawathokoza. Munda wawo unagundana ndi wanga, ndipo malire a munda amasuntha mwini wake akakhala pakhonde.

Mvula ikagwa ndikwera ndekha. Povuta ndizikwawa, khasu ndikulikoka. Inu obadwa nkhondo itatha, mukamadutsa kwa Kanduku, mudzagogode pa chitseko chobiriwira pafupi ndi mjigo. Mukapeza chotseka dzuwa litapendeka, musafunse aneba. Kwerani kuphiri mukandione.