Makanika amene anayeza makutu a mwana wake ndi hamala

Achimwene anga ndi makanika, ndipo kugalaja onse amawatchula kuti a Sipanala. Sukulu anaisiya msanga, koma pa injini palibe angawanamize. Galimoto ikamalowa pageti amangopendeketsa mutu n'kunena chimene chavuta, mwini wake asanatsegule n'chitseko chomwe. Nthawi zambiri amalondola, ndipo kulondolako n'kumene kunawawononga. Munthu akazolowera kuwomberedwa m'manja amayamba kuyesa kuti chilichonse pansi pano ndi galimoto.

Anakwatira imvi zitayamba kale. Mlamu wanga ndi telala, munthu wofatsa mopitirira, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Atabereka mwana wamkazi, wowadikirira kuchipatala ndinali ine. Tsiku lotuluka, namwino anaika kachipangizo m'makutu mwa khandalo, n'kuyang'ana pa makina, n'kubwerezanso. Kenaka anati, "Mayi, makinawa sakusonyeza bwino. Mwina ndi timadzi totsalira m'makutu, zimachitika. Koma mubwere naye pakatha milungu inayi, tidzamuyeze mofatsa." Tsikulo analilemba pakapepala.

Titawapeza kugalaja, achimwene ataona kapepalako anaseka chikhakhali. "Makina? Ine tsiku ndi tsiku kompyuta imandinamiza kuti galimoto yafa, chonsecho ndi kawaya kamasuka. Tabwera nayeni kuno mwanayo."

Anamugoneka ndi kansalu kake patebulo lachitsulo limene amamasulirapo zida. Anatenga hamala n'kumenya kumapeto kwa tebulolo, khoo! Mwana anadzidzimuka, timanja m'mwamba, n'kuyamba kulira.

"Mwaona? Akumva kuposa nonsenu!"

Mlamu anamwetulira misozi ili m'maso. Ine ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Akuluakulu atatu amano m'kamwa, osapezeka ndi mmodzi yemwe woganiza kuti chitsulo chikamenyedwa chimanjenjemera, ndipo mwana wogona pamenepo wadzidzimuka ndi msana, osati makutu. Makanika wathunthu, amene amaika dzanja paboneti kuti adziwe ngati injini ikugwedera, zimenezi osaziganiza! Kapepala kaja anapukutira girisi.

A chipatala anaimba foni kawiri. Achimwene anangoti, "Tinamuyeza kale, ali bwino," n'kudula. Woimbayonso ndili naye mangawa, chifukwa sanafunse n'komwe kuti mwanayo anayezedwa kuti, nanga ndi ndani.

Chaka chinatha, china n'kulowa, mwana osatchula ngakhale "mama". Ndikafunsa ankati, "Achemwali, inu kukuza nkhani ndiye ntchito yanu. Ine ndinayamba kuyankhula ndili ndi zaka zitatu." Bodza lamkunkhuniza. Ndinawabereka kumsana ndine, ndipo pakamwa pawo sipanapumepo chibadwire. Mlamu anali ataona kale kuti mwana akamuitana chakumbuyo satembenuka, koma ankangomezera mumtima, kuopa kutsutsa bambo wa m'nyumba.

Zinaululika masana ena, mwana ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Anawazemba mayi ake n'kukakhala pansi kumbuyo kwa lole imene inkabwerera chambuyo. Achimwene anakuwa mpaka mawu kusasa. Dalaivala wa galimoto ina analiza hutala, anthu onse mumsewu anatembenuka. Mwana yekha anali phee, akuseweretsa nati ya galimoto. Achimwene anamutsomphola tayala litatsala pang'onong'ono.

Dokotala wa makutu sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anafotokoza mwakachetechete kuti mwanayo amamva pang'ono kwambiri. Akanavala tizipangizo tothandiza kumva akadali khanda, mwayi woti ayankhule ukanakhala waukulu. "Tiyamba lero," anatero, "koma zaka zapitazi sizibwerera." A Sipanala, munthu wa yankho pachilichonse, anangoyang'ana zikhadabo zawo zakuda.

Pano mwana ali ndi zaka zinayi. Tizipangizo amavala, ndipo kawiri pamlungu amapita kwa mphunzitsi amene amamuphunzitsa mawu ndi chinenero chamanja. Wanzeru zedi, manja ake amathamanga kutisiya tonse m'mbuyo. Amene saphonya tsiku ndi achimwene: amatseka galaja, makasitomala akudandaula pageti. Anthu amawayamikira kuti ndi bambo wosamala. Ine ndikamva zimenezo mtima umandibwadamuka. Ulendo umodzi wokha wakuchipatala uja unali wofunika, wa ola limodzi, ndipo anaukana.

Mlungu wathawu ndinawapeza atakhala patayala, mwana ali pamiyendo, akumubwerezera, "A-da-da. A-da-da." Mwana ankangowayang'ana pakamwa n'kumaseka. Atandiona anasiya.

"Achemwali, tandiuzani zoona. Adzanditchula koma?"

Mawu owalalatira ndinali nditawasunga chaka ndi theka, onse ali okonzeka. Koma mwana anali atatembenukira kwa ine, maso ali pamilomo yanga.

"Sindikudziwa, achimwene," ndinatero.

Anadikira kuti ndiwonjezere kena kake. Kenaka anatembenukiranso kwa mwana: "A-da-da."